KOMPYUTA IKANAMA, AZAMANGA NDANI?

Amai ndi atate a m'misika, imwe a ku Soweto, City Market, Matero, Mtendere, Chilenje, imwe a ku Kapata ku Chipata, ndi nonse amene mumauka na 04 koloko kukaoda tomato dzuwa likalibe kutuluka:

Lelo tisiye kaye za mtengo wa unga ndi za malaiti. Tikambe nkhani imene ioneka monga ni ya anyamata a makompyuta, koma tsiku ikazafika pa msika izafikila pa thebulo panu. Manje kulikonse nyimbo ni imodzi: lipilani pa foni. Msonkho pa foni, madzi pa foni, malaiti pa foni, ndipo levy ya pa msika nayo ikuloza njila yomweyo. Ife sitikana. Tonse tikumbukila mwamene ndalama ya m'misika ndi m'masiteshoni a basi inali kuthela m'matumba a makada, zimbudzi zili zotseka, zinyalala zili mulu. Ndalama ikayenda pa foni imasiya mapazi, ndipo kawalala sakonda njila imene isiya mapazi. Mpaka apa tigwilizana ndi aliyense amene afuna kuchotsa ndalama m'manja mwa anthu.

Koma pali funso limodzi limene sitimva akulikamba pa misonkhano yodula maliboni. Tsiku limene system izakamba kuti simunalipile, pamene imwe munalipila, azamvela ndani? Imwe olo makina?

Amai anga anagulitsa kapenta ndi nyemba pa msika zaka zambili, ndipo ndiye ndalama inanifikitsa ku koleji. Pansi pa thebulo anali kusunga kachitini ka Blue Band, mkati muli tumatikiti twa levy twa tsiku ndi tsiku, twina toda na mafuta. Tsiku lina wotolela levy anabwela ati, "Amai, muli na nkongole ya masiku yatatu." Amai sanakweze mau. Anatsegula kachitini, natulutsa tumatikiti tutatu, nkhani inasila pamenepo. Kachitini kaja kanali loya wao. Manje tikachotsa pepala, loya wa amai azakhala ndani?

Yankho lili m'mene system imeneyo inapangidwila. Ma system aya, khonsolo olo unduna nthawi zambili sapanga okha. Amatulutsa tenda, kampani ina yawina, ndiye imalemba software, kuiika, ndi kumaikonza ikafa. Kupatsa wakunja nchito si mlandu. Imwe nomwe mukafuna kumanga kashopu mumaitana bilikileya. Koma ndani wa imwe amapatsa bilikileya ndalama yonse tsiku loyamba, nakwela basi kupita ku mudzi miyezi itatu, nabwela chabe kuzatenga makiyi? Kulibe. Mumayamba mwapangana pulani. Mumalipila pa slab, pa window level, pa denga. Mumapita kukawelenga matumba a simenti. Mvula yoyamba ikagwa mumaimilila mkati kuona ngati ikudontha. Software nayo ili ndi masitepe ake, kuyambila tsiku loiganizila mpaka tsiku loitaya. Mwini wake akagona pa sitepe imodzi, amene amalipila ni anthu wamba.

Kuti muone kuti sitikukuopsezani chabe, mvelani zimene zinachitika ku Britain, dziko la ndalama, lodzala maloya ndi mainjiniya.

Kumeneko maofesi ang'onoang'ono a positi amayendetsedwa ndi anthu wamba, ambili ali ndi kashopu pambali. Uku agulitsa mkate ndi nyuzipepala, uku agulitsa masitampa ndi kulipila penshoni ya nkhalamba. Kuti muwamvetse bwino, ganizilani mnyamata olo mtsikana wa pa booth ya mobile money. Float si yake, koma ikapelewela kumadzulo amabweza ni iye. Pangano lao ndi Post Office linali lotelo: ndalama ikasowa, lipila za m'thumba.

Mu 1996 boma la Britain linapatsa kampani ya ICL, imene inali m'manja mwa Fujitsu ya ku Japan, nchito yoika makompyuta m'maofesi amenewa ndi kupanga makhadi olandilila ndalama za chithandizo cha boma. Nchito inachedwa, ndalama inapitilila muyeso, ndipo mu 1999 gawo la makhadi analitaya. Gawo lotsala, limene amalitcha Horizon, anapitiliza nalo. Umboni umene unatuluka pambuyo pake pa kafukufuku wa boma unaonetsa kuti akatswili ena mkati mwa kampaniyo anachenjeza kale mu 1998 kuti mbali yowelengela ndalama inalembedwa moipa, ifunika kuilembanso. Akulu sanamve. Post Office nayo inaona kuti pa mayeso panatuluka zolakwika, koma inasaina kuti yalandila nchito. Kuyambila mu 1999 makina anayamba kulowa m'maofesi masauzande.

Posachedwa ndalama zinayamba "kusowa". Munthu wawelenga ndalama yake bwinobwino, zonse zilipo, koma kompyuta ikamba kuti kwapelewela mapaundi masauzande. Mai wina anatuma foni ku ofesi yothandiza, natsatila zonse zimene anamuuza, ndipo ndalama yosowayo inawilikiza kawili iye akuyang'ana pa screen. Ambili akadandaula anali kuuzidwa mau amodzimodzi: ndimwe mweka amene muli na vuto iyi. Munthu ukauzidwa kuti ndiwe weka, umayamba kudzikaikila. Ena anayamba kuganizila anchito ao, ena ana ao. Anathila ndalama zimene anasunga moyo wao wonse, anapinyolitsa nyumba, anakongola kwa abale, kuti atseke dzenje limene kunalibe.

Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu opitilila 900 anapezeka olakwa m'makhoti pa milandu ya kuba ndi kunama m'mabuku. Pa milandu pafupifupi 700, Post Office yomweyo ndiye inali wodandaula, wofufuza, komanso wozenga mlandu. Makhoti anali kuyenda pa mfundo yakuti kompyuta imasebenza bwino pokhapo wina aonetse kuti yalakwa. Nanga mwini kashopu azaonetsa bwanji, pamene makina ali m'manja mwa amene akumuimba mlandu? Ena analowa m'ndende, mmodzi wa iwo mai woyembekezela. Mabanja anatha. Anthu amene dzulo anali olemekezeka pa mudzi anayamba kutchedwa akawalala. Ena anadzipha.

Chimene chinagwetsa bodza ili si nduna olo bwana. Anali bambo wina wa kashopu ku Wales, Alan Bates, amene anakana kusaina kuti ndalama imene sanaione ni nkongole yake. Anamuchotsa mu 2003. Sanakhale chete. Mu 2009 magazini ya Computer Weekly inalemba nkhaniyi, ndipo chaka chomwecho ovutikawa anakumana mu holo ya pa mudzi wa Fenny Compton. Pamenepo ndiye anazindikila kuti aliyense anauzidwa kuti ali yekha. Anthu 555 anatengela Post Office ku khoti, ndipo mu 2019 woweluza Fraser anapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zimene zinali kutha kusokoneza mabuku. Anapezanso kuti anchito a Fujitsu anali kutha kulowa mu akaunti ya munthu ali kutali ndi kusintha manambala mwini osadziwa, chinthu chimene Post Office inakana zaka zambili. Anagwilizana chipukuta misozi cha mapaundi pafupifupi 58 miliyoni, koma atachotsa za maloya ndi za amene anakongoza ndalama ya mlandu, panatsala pafupifupi 12 miliyoni kugawana anthu 555. Mu 2021 khoti ya apilo inafafaniza milandu ya anthu 39. Mu 2024, sewelo la pa TV litakwiyitsa dziko lonse, nyumba ya malamulo inapanga lamulo loyeletsa maina a otsala. Zaka 25. Ena anamwalila akalibe kumva kuti alibe mlandu. Ndipo ngakhale zonsezi zitaululika, Post Office inapitiliza kusebenzetsa Horizon ndi kuonjezela pangano ndi kampani yomweyo, chifukwa kuchokamo kunali kovuta.

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati izi zinachitika ku dziko kumene anthu ali ndi maloya pafupi, kuli bwanji mai wogulitsa chibwabwa amene phindu lake la tsiku ni ndalama ya ndiwo? Pano sazakutengelani ku khoti. Azakulandani katundu, azakutsekelani shopu, olo azapatsa wina malo anu chifukwa "system ionetsa arrears". Ndiye chifukwa chake tikamba manje, zinthu zikalibe kuonongeka. Tiyeni tiyende sitepe ndi sitepe.

Sitepe yoyamba ni kufunsa, ndipo imabwela tenda ikalibe kutuluka. Apa ndiye pamalembedwa zimene system iyenela kuchita. Chimene sichinalembedwe apa kampani sipanga, ndipo mukachikumbukila mochedwa imalipilitsa padela, monga bilikileya amene mwamuuza za windo khoma litafika kale pamwamba. Nanga ndani adziwa umoyo wa pa msika kupambana imwe? Wolemba pulani mu ofesi ali ndi smartphone ndi intaneti ya ofesi. Imwe mudziwa kuti ambili ali ndi kafoni ka mabatani. Mudziwa kuti network imathawa. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinakhala maola ambili pa tsiku opanda malaiti, foni yozima, pochajila palibe. Pa tsiku lotelo munthu alipila bwanji, ndipo azamulemba kuti wachedwa? Nanga agogo amene sawelenga Chizungu? Nanga thebulo limodzi limene agawana anthu awili, wina kuseni wina kumadzulo? Nanga amene wapita ku malilo ku Petauke sabata yathunthu, levy izapitiliza kuwelenga? Nanga ndalama yotumizila, ni ya ndani? Kumbukilani kuti kuyambila Januwale 2024 pali kale msonkho pa ndalama yotumizilana pa foni. Levy ya tsiku ndi tsiku ikaikidwa tumachaji pamwamba, pakutha kwa chaka ni thumba la unga limene lapita. Mafunso awa ngati sanafunsidwe pa msika, ndiye kuti system inapangidwila munthu wina, osati imwe. Safunsa anadya phula.

Sitepe yachiwili ni pangano. Apa ndiye pamene dziko limagulitsidwa na bolopeni. Pangano labwino limakamba kuti kampani izalipilidwa pang'onopang'ono, ikaonetsa chinthu chosebenza, osati ikaonetsa lipoti la masamba ambili. Limakamba kuti makina akalakwitsa, wolipila ni kampani, osati wogulitsa pa msika. Limakamba poyela ngati kampani izadyako pa levy iliyonse imene mulipila, zingati, ndipo kwa zaka zingati. Ndipo chachikulu, limakamba kuti makiyi ni a ndani. Mu software makiyi ni zinthu ziwili. Choyamba ni source code, ndiye kuti malemba enieni amene system inamangidwa nawo. Wopanda awa sangasinthe olo kachinthu kamodzi popanda kupempha kampani. Chachiwili ni data: maina anu, manambala a NRC, manambala a foni, ndi mbili ya zimene munalipila. Nyumba imene makiyi ake asunga bilikileya si yanu, olo munalipila zonse.

Anzathu amene mumadutsa pa Mwami kukaoda katundu munamva zimene zinachitika ku Malawi. Boma la kumeneko linapatsa kampani yakunja nchito ya mapasipoti mu 2019, nathetsa panganolo mu Disembala 2021. Kuchiyambi kwa 2024 system inaima, mapasipoti analeka kutuluka kwa masabata, ndipo pulezidenti Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti anthu ena alowelela system ndipo afuna dipo. Amene anavutika ni a bizinesi yodutsa malile, odwala ofuna kupita kunja, ndi achinyamata amene anapeza nchito kunja. Dziko lonse kuima pa mzele chifukwa boma silinathe kudzutsa lokha makina ake.

Ndipo musanamizidwe kuti muno mulibe amene angakwanitse. ZRA inayamba TaxOnline mu 2013 ndi system yopangidwa ndi kampani ya ku India. Mu 2020 inasamukila ku TaxOnline II, imene anaipanga muno mogwilizana ndi Copperbelt University. Sitikamba kuti ya muno siimalakwa. Imalakwa. Koma wokonza ali pafupi, ndipo makiyi ali m'nyumba.

Sitepe yachitatu ni kumanga. Apa vuto imene imagwetsa maboma ambili ni yakuti mwini nchito alibe munthu wake amene amvetsa zimene kampani ikuchita. Kampani ikamba kuti tafika pa 80 pelesenti, bwana avomela, asaina, ndalama ituluka. Pa nyumba mungaone ndi maso kuti khoma lafika pati. Software siioneka, ndiye chifukwa chake kunama kwake n'kosavuta. Mankhwala ake ni awili. Khonsolo ikhale ndi akatswili ake, olipidwa ndi khonsolo, amene angatsegule nchito ndi kuona mkati. Ndipo kampani izionetsa kagawo kosebenza masabata angapo alionse, anthu nakagwila ndi manja, m'malo modikila zaka ziwili kuti tione zonse pa tsiku limodzi. Ku Britain chenjezo linalipo mkati mwa kampani, koma silinapeze khutu lomva. Muno tili ndi achinyamata ambili amene anatsiliza maphunzilo a makompyuta ku UNZA, ku CBU, ku Evelyn Hone ndi kwina, ena a iwo ana anu, akhala m'makomboni akugulitsa ma cover a foni. Boma limene lipeza ndalama yolipila kampani koma lilephela kulemba achinyamata ochepa oyang'anila kampaniyo, lasankha lokha kukhala lakhungu.

Sitepe yachinai ni kuyesa. System siiyesedwa mu hotela, pa workshop ya tiyi ndi masamusa. Iyesedwe pa Soweto Loweluka kuseni kumapeto kwa mwezi, mvula ikugwa, anthu mazana akulipila nthawi imodzi. Ayese amene ndalama yachoka mu foni koma uthenga sunabwele. Ayese amene wadina kawili. Ayese pamene network yaduka pakati. Zolakwika zina za Horizon zinali za mtundu womwewu: makina aima, munthu adinanso, ndalama ilembedwa kawili. Woyesa asakhale kampani yomwe inapanga, kaili palibe mwana wa sukulu amene amachonga yekha mayeso ake. Ndipo tsiku losaina kuti talandila nchito lisatsatile tsiku limene nduna ifuna kudula liboni. Nchito ikalibe kupsa, musaipakule.

Ikapambana mayeso, iyambe pa msika umodzi chabe, matikiti a pepala akuyenda pambali, mpaka mabuku awiliwa azigwilizana. Tinaona kale muno zimene kuthamanga kumachita. E-voucher ya FISP inayamba mu 2015 m'maboma 13, chaka chotsatila 39, ndipo mu 2017 inafalikila dziko lonse. Alimi ambili analipila gawo lao, nadikila makhadi kuti atseguke mvula ikugwa, mbeu ikalibe kulowa pansi. Chaka chotsatila maboma ambili anawabwezela ku njila yakale. Ganizo silinali loipa. Koma linakula msanga kupambana network, mabanki ndi ogulitsa feteleza a kumidzi. Amene muli ndi abale ku mudzi mukumbukila mafoni amene munalandila chaka chimenecho.

Sitepe yachisanu ndiye yaitali kupambana zonse: zaka zimene system ikusebenza. Apa makamela apita, nduna yasamutsidwa, mwatsala imwe ndi makina. Kulibe software pa dziko lapansi imene ilibe cholakwika. Kampani ikakuuzani kuti yathu siilakwa, gwilani chikwama chanu. Chimene chinaononga anthu ku Britain si kulakwa kwa makina chabe. Ni kuti akulu anasankha kuteteza dzina la makina m'malo mwa anthu. Ndiye ife tikuti malamulo awa akhale olembedwa makina akalibe kuyatsidwa. Aliyense wolipila alandile lisiti ya pa foni imene ili ndi nambala, tsiku ndi ndalama, ndipo lisiti imeneyo ikhale umboni wokwana. Munthu azitha kuona mbili yake yonse ya malipilo, osalipila kalikonse. Aliyense amene asintha nambala mu akaunti ya munthu, kaya wa khonsolo kaya wa kampani, dzina lake ndi nthawi zilembeke, ndipo mwini auzidwe. Munthu akatsutsa zimene system ikamba, katundu wake asagwidwe ndipo malo ake asapatsidwe wina mpaka nkhani itaweluzidwa. Womva dandaulo asakhale yemwe atolela ndalama. Ofesi yothandiza iyankhe mu Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi zilankhulo zina zathu. Ndipo mwezi ndi mwezi apachike pa bolodi ya msika: madandaulo anali angati, angati anapezeka kuti makina ndiye analakwa, ndalama inatoleledwa zingati, ndipo inagula chani. System imene idziwa ngwee iliyonse imene mwalipila iyenela kudziwanso kumene ngweeyo yapita.

Sitepe yomaliza ni kupatukana. Pangano lililonse limasila. Kampani ingagwe, ingagulidwe, olo ingakangane ndi boma. Tsiku limenelo data yanu ibwelele yonse kwa mwini, yowelengeka, ndipo kampani isatsale ndi kope yokagulitsa kwa a kaloba a pa foni amene amatumiza mauthenga usiku. Tili ndi lamulo loteteza data la 2021. Lisebenze. Njila yotulukila imakambidwa pa tsiku lolowa, chifukwa pa tsiku la ndeo palibe amene amabweza makiyi mwaulemu.

Tidziwa kuti ena azalemba pansipa ati, "A opposition akana chitukuko, afuna makada abwelele." Iyayi. Amene afuna ndalama izingoyenda m'manja ndiye mnzake wa kada. Ife tifuna system, koma imene mwini wake ni anthu. Kada anali kuba muli kumuona, munali kudziwa nkhope yake ndi kumene akhala. System yoipa imakudyelani mwakachetechete, ndipo mukapita kukadandaula amakuuzani kuti bwanayo ni kompyuta. Kuchotsa kada wa jombo n'kuika kada wa laputopu, mwasintha chabe zovala. Ndipo tikambe chilungamo: matenda osaina mapangano mumdima sanayambe ndi boma limodzi. Maboma asinthana, matenda atsala. Muyeso umene tikuika pano ni wa boma lili pampando lelo, ni wa makhonsolo onse olo akhale a chipani chiti, ndipo ni wathunso tsiku limene muzatipatsa mphamvu. Sungani post ino, muzatikumbutse.

Manje imwe muchite chani? Simufunika diploma kuti mufunse mafunso. Lamulo la misika ndi masiteshoni a basi la 2007 linapangidwa kuti misika iziyendetsedwa mwadongosolo, osati mwa mphamvu za munthu. Lamulo logulila zinthu za boma la 2020 lifuna kuti matenda aziyenda poyela. Ndipo mu Disembala 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha nkhani za boma linasainidwa. Malamulo awa si okongoletsa shelefu. Khansala wanu akabwela, olo a khonsolo akaitana msonkhano wa system yatsopano, musaombe m'manja msanga. Imililani mufunse:

Kampani ni iti, ndipo inasankhidwa bwanji?
Izadya zingati pa levy yathu, kwa zaka zingati?
Source code ndi data ni za ndani?
Inayesedwa pa msika uti, ndipo anayesa ndani?
Network ikathawa olo malaiti akapita, tilipila bwanji?
Ikakamba kuti sininalipile, nipita kwa ndani, ndipo katundu wanga azakhala kuti pamene nikudikila?

Akayankha bwino, alembe pa pepala, asaine, mupachike pa ofesi ya msika. Akakwiya olo akayamba Chizungu chambili, mwadziwa kale kuti pali chimene abisa.

Ndipo kuyambila lelo, pa chilichonse chimene mulipila pa foni, musafute uthenga. Foni ikadzala, lembani nambala ya lisiti, tsiku ndi ndalama mu kabuku, monga mwamene mumalembela chilimba. Mwana wanu akujambulileni screen. Wina akakuuzani kuti system ionetsa nkongole imene simuidziwa, musalipile kawili mwakachetechete kuti nkhani isile, ndipo musasaine pepala lovomela. Pitani ku komiti ya msika mukalembetse. Komiti iliyonse ikhale ndi buku limodzi la madandaulo otele, lokhala ndi dzina, tsiku ndi ndalama. Munthu mmodzi akadandaula amati wasokonezeka. Anthu 40 akabwela ndi buku limodzi, wosokonezeka amaoneka kuti ni makina. A ku Britain anataya zaka khumi aliyense akulila m'nyumba mwake, akuganiza kuti ali yekha. Imwe mumakhala thebulo ndi thebulo, mumadyela mbale imodzi masana. Funsanani.

Amai anga analeka kugulitsa, miyendo inayamba kuwawa. Kachitini kaja kakali ku nyumba, manje musungidwa mabatani ndi singano. Nikakaona nimakumbukila kuti mai amene sanapite patali ndi sukulu anagonjetsa munthu wa yunifomu chifukwa umboni unali m'manja mwake. Chitukuko chilichonse chimene chibwela pa msika chisiye umboni m'manja mwanu. Chikaulanda, chikaneni.

Tumizilani post ino a chairman ndi a chairlady a msika wanu, ndipo muwawelengele anzathu amene alibe Facebook. Ngati zinakuchitikilani kale, kuti munalipila pa foni koma anakuuzani kuti ndalama siinafike, tiuzeni msika wanu ndi mwamene nkhani inathela. Musalembe nambala ya foni olo ya NRC poyela.

Mugulitse bwino lelo.

Mlembi wa Achinyamata